Winston Namaona ndi Chilombo Chotchedwa Kalongonda

Winston Namaona anabadwira m'malayini a esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri la Mulanje, m'nyumba ya makoma opyapyala moti munthu akatsokomola kwa aneba, akuno ankamuyankha kuti pepani. Bambo ake ankathyola tiyi, mayi akenso chimodzimodzi. Agogo ake anachita kuwoloka mtsinje wa Muloza kalekale ndi mtolo umodzi pamutu, pakamwa pali Chilomwe chokhachokha. Dzina loti Winston bambo ake analiona pachitseko cha ofesi ya bwana wamkulu, ndipo linangowakomera m'maso.

Matenda a Winston anaonekera akadali wamng'ono. Mwanayu sankatha kuona chinthu chobisika n'kuchisiya chikhale. Ali Sitandade 6 anauza kalasi yonse kuti ahedi akusamutsidwa, kalata yake isanafike n'komwe. Ahediwo atamva anamuitanitsa, n'kumugwira khutu.

"Wakuuza ndani zimenezi?"

"Palibe wandiuza, sala."

"Ndiye walota?"

"Ayi sala. Kungoti chaka chino simunadzale chinangwa kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku zonse mwagulitsa, ndi thadzi lokhalira mazira lomwe."

Ahediwo anamusiya khutu pang'onopang'ono. Patatha milungu itatu, lole inabwera kudzatenga katundu wawo.

Atamaliza Folomu 4 anapeza ntchito ya umesenjala kuofesi ya esiteti yomweyo. Envelopu ya munthu sankatsegula, zimenezo ankati n'zaumbava. Iye ankangoyang'ana. Ankaona nyumba imene ikupakidwa penti, saizi ya jombo zimene zaitanitsidwa, ndi kapitawo amene abwana ayamba kumupatsa moni pomutchula dzina. Tsiku lina m'mawa anapita kwa kapitawo wina, n'kumugwira chanza ndi manja awiri pomuyamikira kuti wakwezedwa. Mwiniwakeyo anali asakudziwa. Choipa kwambiri chinali choti kapitawo wina, amene anali atadikira udindowo zaka zisanu ndi ziwiri, anali chiimire pomwepo. Phokoso lake linafika mpaka kufakitale. Udindo unapitadi kwa amene Winston ananena, koma iye ntchito inamuthera Lachisanu la mlungu womwewo.

Zaka zotsatira anazithera pa Muloza, akuwolotsa katundu wa anthu panjinga kupita ku Milange ndi kubwerako. Kumeneko ndi kumene anatolera Chipwitikizi, choyamba cha pamsika, kenako cha m'manyuzipepala akale okulungira nsomba. Ndi komwekonso kumene anaona koyamba makina a magemu m'sitolo ya mkulu wina amene aliyense ankangomutchula kuti patarau, kutanthauza bwana m'Chipwitikizi. Anaima pakhomo ola lathunthu akuonerera anyamata awiri akumenyanitsa tianthu ta pasikirini, njinga yake ataiiwala padzuwa. Chaka chisanathe anali atagula makina akale amodzi ndi wailesi yakanema yothyoka ngodya, n'kutsegula kachipinda ka magemu pa Chitakale, kuseri kwa siteji ya maminibasi.

Khomo loyandikana nalo linali la Salehe, mkulu wokonza mafoni, wandevu zosamalika bwino komanso wosakhulupirira chilichonse chimene sanachitsegule ndi sikuludalaivala. Awiriwa anakhala mabwenzi chifukwa ankagwiritsa ntchito soketi imodzi. Pa nthawi yomweyo Winston anakwatira Janeti, mayi wa ku Chonde amene ankagulitsa kalongonda wophikaphika pamsika. Janeti ankayatsa moto kukucha, n'kuwiritsa nyemba zakezo tsiku lonse uku akutaya madzi ndi kuthira ena, poti aliyense wa kuno amadziwa kuti kalongonda wophikidwa mothamanga amazunguza mutu.

Za kufufuza zinsinsi za magemu zinayamba ndi mkangano. Akabaza awiri amene ankabwera kudzasewera masana anatsutsana za tsiku limene gemu yatsopano ya nkhonya idzatuluke, mpaka anatsala pang'ono kumenyana nkhonya zenizeni. Winston anatenga foni, n'kugula bandulo, kuti awaweruze. Yankho sanalipeze, chifukwa kampani yopanga gemuyo inali isananene kanthu. Koma anapeza china chimene chinamuyabwa mumtima: pa intaneti panali anthu masauzande, m'mayiko osiyanasiyana, amene ntchito yawo inali kulosera zimene makampani a magemu akubisa. Ambiri mwa iwo, mmene iye anaonera, ankangolota.

Kuyambira pamenepo Winston anasanduka munthu wa pawindo. Netiweki m'kachipindamo inkagwira bwino pakona imodzi yokha, ndiye ankakhala pamenepo pampando wopanda chotsamira, foni ili m'manja, kabuku ka sukulu kali pabondo. Sankathyola chitseko cha munthu aliyense. Ankawerenga zimene makampaniwo ankaika okha poyera: malonda ofuna antchito, mbiri zimene antchitowo ankalemba zodzitamandira, zithunzi za maphwando a muofesi zimene kumbuyo kwake kunkaoneka bolodi losafufutidwa bwino.

Tsiku lina anaitana Salehe.

"Achimwene, tabwerani muone. Kampani iyi ya Orvika yatha zaka zisanu ndi chimodzi ikupanga magemu a magalimoto okhaokha. Nanga lero ikufuniranji munthu wodziwa kujambula mahatchi?"

Salehe sanadzutse n'komwe mutu pafoni imene ankakonza. "Mwina abwana awo agula hatchi."

"Chabwino. Nanga mayi uyu? Ntchito yake n'kutepa mawu a m'magemu. Walemba patsamba lake kuti watha mlungu wonse m'khola, zovala zake zonse zikununkha. Akufunako chiyani kukhola munthu wa magalimoto?"

"Mwina akufuna manyowa."

"Inu achimwene, mutu wanu uli ngati batire lotupa. Akutepa ziboda! Anthuwa akupanga gemu ya mahatchi, ndipo sakufuna kuti tidziwe."

Chimene chinamupambanitsa anzake a kunja chinali Chipwitikizi cha pa Muloza chija. Anatulukira kuti m'dziko lina la kutsidya kwa nyanja kumene amalankhula chinenerochi, ofesi yoona za msinkhu woyenera kusewera gemu iliyonse inkaika mndandanda wa maina pa intaneti, nthawi zina eni magemuwo asanalengeze. Olosera ambiri sankauwerenga chifukwa cha chinenero. Winston ankauwerenga Lolemba lililonse ngati mmene ena amawerengera zotsatira za mpira. M'mwezi wa Meyi anapezamo dzina lachilendo lolembetsedwa ndi Orvika, pambali pake patalembedwa kuti muli ziwawa pang'ono komanso mipikisano ya nyama. Winston anatsegula tsamba lake la pa intaneti, n'kulemba m'Chingerezi chake cha Folomu 4 zonse zimene anapeza.

Omutsatira panthawiyo anali makumi anayi, theka lawo akabaza a pa Chitakale. Kampaniyo itatulutsa kachithunzi koyamba ka gemu yake, kali ndi hatchi yakuda pakati, anthu anakumbukira kuti munthu wina wa ku Malawi ananena kale zimenezi. Omutsatira anafika masauzande angapo mlungu umodzi.

Sikuti nthawi zonse ankalasa. Kampani ina italemba ntchito akatswiri atatu ojambula mafunde, Winston analengeza molimba mtima kuti kukubwera gemu ya nkhondo ya sitima zapamadzi, ya mizinga ndi malupanga. Inatuluka gemu yowedza nsomba, ya nkhalamba imodzi yokhala m'bwato. Salehe anamuseka mwezi wathunthu, ndipo m'mawa uliwonse ankamulonjera kuti, "Mwadzuka bwanji, akapitawo a sitima?"

Janeti naye anali ndi maganizo ake. "Bambo a kuno, anthu amene mukuwaululira zinsinsiwa anakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye akudziwani?"

"Sakundidziwa."

"Basi ndi miseche imeneyo. Kungoti yanu ndi ya pa bandulo."

Vuto lenileni linabwera ndi mnyamata wina wa ku Ulaya amene ankapanga mavidiyo a nkhani za magemu atavala chipewa chofiira. Dzina lake linali lovuta kutchula, choncho pa Chitakale ankangoti Achipewa. Omutsatira anali ochuluka kuposa anthu a m'boma lonse la Mulanje. Winston anayamba kuona kuti akalemba chinthu m'mawa, pofika masana Achipewa atulutsa vidiyo, atatsinzina diso limodzi, akunena motsitsa mawu kuti, "Munthu wanga wa m'kati mwa kampani wandinong'oneza." Poyamba Winston anati mwina zangofanana. Koma tsiku lina iye analakwitsa polemba tsiku lotulukira gemu ina, m'malo mwa 12 Okutobala n'kulemba 21. Masana omwewo Achipewa anauza dziko lonse kuti munthu wawo wa m'kati watsimikiza za 21 Okutobala.

Winston anawalembera kalata yaulemu. Anati sakufuna kanthu, koma kungotchulako dzina lake pamapeto pa vidiyo. Yankho silinabwere. Analembanso kachiwiri. Kachitatu anapeza atamutsekera kuti asathenso kuwalembera.

Zinamuwawa kwambiri. Masiku awiri sanakhale pawindo paja. Ankangopukuta mabatani a makina amene anali oyera kale.

"Ndiye kuti munthu wa m'kati uja ndinu?" anafunsa Salehe. "Kampani yonse ya ku Ulaya, m'kati mwake ndi pa Chitakale, kuseri kwa siteji?"

Winston sanaseke. Masana a tsiku lachitatu anapita kumsika kukadya kwa mkazi wake. Anamupeza akutsanula madzi akuda bii mumphika waukulu, nkhope ataipotolera kumbali chifukwa cha nthunzi.

"Kachingati kameneka?" anafunsa.

"Kachisanu. Kwatsala kawiri. Mukafuna kudya pano idyani, koma mukayamba kuona maminibasi akuuluka musandiitane ine."

Winston anayang'ana mumphikamo nthawi yaitali. Kenako Janeti anaona mwamuna wake akumwetulira kumwetulira kumene iye sankakukonda, kwa munthu amene wapeza chochita.

Panali kagulu kena kakang'ono pa intaneti kumene Winston ankayamba kuikako zinthu asanaziike patsamba lake, ndipo ankadziwa kuti Achipewa amabisalamo ndi dzina lina. Madzulo a tsikulo analembamo mosamala, ngati munthu wochita mantha. Anati wapeza dzina la mdani womaliza m'gemu ya mahatchi ya Orvika. Dzina lake ndi Kalongonda. Ndi wakuda, wonyezimira, wobadwira m'chikhokho chaubweya. Safa ndi lupanga kapena moto wokha. Uyenera kumumiza m'madzi owira kasanu ndi kawiri, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wosewera amene angathamange kumugonjetsa nthawi isanakwane, sikirini yake imayamba kuzungulira. Pomaliza anawonjezera kuti Kalongonda ali ndi mkulu wake woopsa kwambiri, dzina lake Chitedze, amene akumusungira gemu yachiwiri, ndipo ameneyo kungomukhudza basi, wosewera amataya zida zonse n'kuyamba kudzikanda.

Salehe atawerenga anagwira ndevu. "Munthu wamutu wake sangakhulupirire zimenezi."

"Dikirani," anatero Winston.

Sipanathe maola awiri. Achipewa anatulukira pasikirini, kumbuyo kukulira nyimbo yoopsa. Anatsinzina diso, n'kutchula dzinalo pang'onopang'ono ngati akulawa: Ka-lon-gon-da. Anafotokoza za madzi owira, za kasanu ndi kawiri, za sikirini yozungulira. Kenako anathira mchere wawo. Anati munthu wawo wa m'kati wawaonetsa chithunzi cha chilombocho, kungoti sangachionetse poopa maloya. Anati dzinalo likuchokera ku chinenero china chakale kwambiri chimene chinatha, ndipo limatanthauza mfumu ya mdima.

Salehe anaseka mpaka anagwetsa timasikuluwu ta foni ya kasitomala, n'kutha theka la ola akutifunafuna pansi chogwada, akusekabe.

Nkhaniyo inayenda kuposa mmene Winston anaganizira. Masamba a nkhani za magemu anaitola. Anthu aluso anayamba kujambula Kalongonda mmene ankamuganizira: wina anamupatsa nyanga zinayi, wina mapiko, wina anamukweza pahatchi ya mafupa okhaokha. Kunabuka mkangano waukulu woti pakati pa Kalongonda ndi Chitedze wamphamvu ndani. Munthu wina wa ku Amereka anasindikiza malaya olembedwa kuti iye saopa Kalongonda.

Kenako Amalawi okhala kunja anayamba kuiona. Mtsikana wina wophunzira za unamwino ku Ulaya komweko analemba pansi pa vidiyo ya Achipewa kuti, "Mfumu ya mdimayi ndinaidya Khirisimasi yapitayi, yothira mchere ndi tsabola." Wina anati azakhali ake a ku Phalombe amagonjetsa chilombochi Loweruka lililonse, okha, opanda hatchi. Achipewa anayankha kuti amenewa ndi anthu ansanje.

Apa m'pamene Winston anapita kwa mkazi wake ndi foni.

"Mayi a kuno, ndikufuna ndikujambuleni mukuphika."

"Kuti aone ndani?"

"Dziko lonse."

Janeti anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anasiya mphika m'manja mwa mnzake wogulitsa naye pafupi, n'kupita kunyumba kukavala chitenje chake cha ku ukwati ndi duku logwirizana nacho. Anajambula katatu, chifukwa koyamba anati mawu ake sanamveke bwino, kachiwiri kumbuyo kunadutsa mbuzi. Kachitatu anaima mowongoka, chipande chili m'manja, n'kutumba nyembazo kuzionetsa kukamera.

"Moni nonse a kunjako. Uyu ndiye Kalongonda. Ndamva kuti kwanuko mukumuopa. Ine dzina langa ndine Janeti Namaona, ndimamuphika Lachiwiri ndi Lachisanu pano pa Chitakale. Za madzi kasanu ndi kawiri n'zoona, pamenepo sanakunamizeni. Koma nyanga alibe. Chitedze yekhayo ndiye musamusewere naye."

Winston analemba mawuwo m'Chingerezi pansi pa vidiyoyo. Anaikanso chithunzi cha zimene analemba m'kagulu kaja, nthawi yake ikuoneka, pambali pa nthawi imene vidiyo ya Achipewa inatuluka. Anawonjezera za 21 Okutobala zija, ndi zina zisanu ndi chimodzi zonga zomwezo.

Pofika mawa lake Achipewa anali atafufuta vidiyo yawo. Patatha masiku atatu anatulutsa ina, alibe chipewa, akunena kuti munthu wawo wa m'kati wawakhumudwitsa kwambiri ndipo asiya kugwira naye ntchito. Pa Chitakale akabaza anamunyamula Winston m'mwamba n'kuzungulira naye siteji, makondakitala akuimba mahutala osadziwa n'komwe chimene chachitika.

Koma chisangalalocho chinali ndi minga yake. Ena mwa omutsatira akale anamulembera kuti, ngati wanama kamodzi mwaluso chotere, adziwa bwanji kuti mawa sakunamanso? Ena anachoka ndithu. Winston anawerenga mauthengawo ali pawindo paja, n'kumuonetsa Salehe.

"Akunena zoona," anatero Salehe. "Mwagwira wakuba, inde. Koma mwamugwira ndi bodza."

Kuyambira tsiku limenelo Winston anadziikira lamulo. Chilichonse chimene walemba, pansi pake ankaika pamene wachipeza, kuti wofuna akadzionere yekha. Chimene akungoganizira ankachilemba kuti n'choganizira. Ntchito inachuluka, koma anthu anabwerera pang'onopang'ono.

Patapita mwezi, kunabwera uthenga wochokera ku Orvika kwenikweniko. Anaulemba mayi wina waulemu kwambiri. Anati kuofesi kwawo anaseka nkhani ya Kalongonda mpaka ntchito inaima, ndipo apereke moni kwa mayi Namaona. Kenako anafika pa chimene ankafuna. Za Kalongonda zinali zopeka, koma zina zonse zimene Winston analemba zinali zoona, ndipo akuluakulu a kampaniyo ankafuna kudziwa wantchito amene ankamuuza.

Winston anamva kukoma kosaneneka. Anakhala pansi n'kuyankha ndi kalata yaitali ya masamba atatu. Anati palibe amene amamuuza kanthu. Anawasonyeza malonda awo a ntchito, tsiku ndi tsiku. Anawasonyeza tsamba la mayi wotepa ziboda uja. Anawasonyeza mndandanda wa Chipwitikizi. Anawatumiziranso chithunzi cha phwando lawo lomwe, atazunguliza ndi mzere wofiira galasi la windo mmene munkaoneka chithunzithunzi cha mapu a gemu yonse.

Mayiyo anathokoza kwambiri. Mlungu wotsatira malonda a ntchito a Orvika anasintha, n'kumangoti akufuna munthu waluso, osanena luso lanji. Mayi wa ziboda anatseka tsamba lake. Zithunzi zonse za maphwando zinachotsedwa.

Winston anakhala pawindo tsiku lonse osapeza kanthu kolemba m'kabuku kake.

"Ndadzitsekera ndekha," anadandaula.

"Munafuna akudziweni kuti ndinu ochenjera," anatero Salehe. "Akudziwani."

Gemu ya mahatchi ija inatuluka chaka chotsatira, mochedwa ndi mlungu umodzi pa tsiku limene Winston analosera. Makina ake akale sakanatha kuiseweretsa, moti mpaka lero sanaigwirepo; anangoionera pafoni anthu ena akusewera. Iye amati zilibe kanthu, kwa iye gemu imakoma isanatuluke.

Kachipinda kake kali pomwepo, tsopano kali ndi makina atatu ndi sola padenga. Za Orvika sanazisiye. Atafufuza miyezi iwiri anapeza kuti moyang'anana ndi ofesi ya kampaniyo kuli kasitolo kophika makeke, ndipo mwini wake, mayi wachikulire wokonda kujambula, amaika pa intaneti chithunzi cha keke iliyonse imene waphika asanaipereke kwa eni ake. Winston amamutsatira mokhulupirika, ndipo keke iliyonse amaiyamikira.

Lachinayi lapitali mayiyo anaika chithunzi cha keke yaikulu yobiriwira, ya anthu ngati makumi asanu ndi limodzi, pamwamba pake pali kachinthu kozungulira kokhala ndi miyendo isanu ndi itatu. Analemba kuti ndi ya aneba ake a tsidya la msewu.

Winston anaikuza pasikirini, n'kuitembenuza uku ndi uku, kenako anagogoda khoma.

"Achimwene! Tabwerani. Ichi ndi kangaude kapena nkhanu?"

Salehe anabwera akupukuta manja, n'kuyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Ine ndikuona keke," anatero.

Winston anatsegula tsamba latsopano m'kabuku kake, n'kulemba deti pamwamba.